Tsiku lomwe tinakamusiya ku Chilanga

Mng'ono wanga anasiya kuona ali ndi zaka 6. Kuyambira pamenepo tinkamuchitira chilichonse: kumusambitsa, kumuveka, ngakhale kumutemera nsima. Kunja samatuluka yekha. "Angagwe," amayi ankatero.

Titamva za sukulu yogonera komweko ya ana osaona ya Chilanga, ku Kasungu, agogo anakanitsitsa: "Mwana wotereyu n'kumupereka kwa alendo?" Kunena zoona, ine ndinali mbali ya agogo. Koma bambo analimbikira. Tsiku lomwe tinakamusiya, ndinalira njira yonse m'minibasi.

Pa holide yoyamba anabwera ndi pepala lokhuthala, lodzaza timadontho totukuka. Anandigwira chala n'kuchiyendetsa pamwamba pake. "Asisi, iyi ndi Braille. Chilembo chimodzi sichipitirira timadontho 6. Apa ndalemba dzina lanu." Ine wa Fomu 3, dzina langa lomwe linandikanika kuwerenga.

M'mawa mwake tinamupeza akuchapa yunifolomu yake. Amayi anathamanga kuti amulande. "Ndisiyeni amayi, kusukulu timachapa tokha." Amayi anangoima, manja ali m'chiuno, kenako n'kumubweretsera sopo wina.

Mpaka lero tikamayenda dzanja langa limathamangira kumugwira. Ndimalibweza, n'kuyamba ndamufunsa kaye.