Mukatulutsa mpweya, musaiwale kubwezera madzi

Abale anga, makamaka inu amene mwangolowa kumene m'banja, sabata ino ndikuchotseni pang'ono kwathu kuno ku Chambe. Ambiri muli ndi ana kapena abale ku Mangalande, ndipo ena mukudikira ulendo wokalera zidzukulu. Tamvani zomwe ndinakaona ine.

Mu Disembala 2022 mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino ku Manchester, anandiitana kuti ndikamuthandize atachira mwana wake wachisamba. Kuzizira kwa kumeneko, chiperoni chathu cha mu Juni chimachepa. Nyumba zawo amazitenthetsa ndi madzi. Kukhitchini kumakhala makina oyendera gasi otchedwa boyila, omwe amatenthetsa madzi n'kuwakankhira m'mapaipi mpaka m'zitsulo za pakhoma zotchedwa rediyeta, chipinda chilichonse yake.

Tsiku lina rediyeta ya m'chipinda chogona khanda inkangotentha m'munsi, pamwamba pali zii. Mkamwini wanga anati mwalowa mpweya. Ine sindinadabwe. Mipope yathu kuno, yomwe makolo athu anakumbira okha ngalande cha m'ma 1970 kuti madzi azitsika kuchokera m'phiri, ikangokonzedwa imayamba yatsokomola mpweya madzi asanatuluke. Kuchipatalanso sitinkaika diripi tisanachotse mpweya m'kapaipi kake.

Bambowo anatenga kakiyi, n'kumatsegula kabowo ka pamwamba pa rediyeta iliyonse. Mpweya uli fwiii, madzi akangodontha iwo n'kutseka. Nyumba yonse anatero, ndipo ntchitoyo anaigwira bwino ndithu. Koma usiku boyila inazima yokha.

Pofika 2 koloko m'nyumba munali ngati m'filiji. Nditagwira pachifuwa pa khanda la masiku 9 lija, mtima unandigunda. Makolo dziwani ichi: khanda limataya kutentha msanga kuposa munthu wamkulu, ndipo likazizidwa limafooka n'kusiya kuyamwa. Ndinalivula, kuliveka chipewa, n'kulikhazika pachifuwa pa mayi ake khungu kukhungu, ndi kuwafunditsa onse awiri. Ndi njira ya kangaru yomwe ija timaphunzitsa m'zipatala zathu. Patapita kanthawi linayambanso kuyamwa.

Koma awiriwo anali atayambana kale. "Anakuuzani ndani kuti mugwiregwire zinthu zomwe simukuzidziwa?" anatero mwana wanga. Nawo bambo osagonja. Nkhani inachoka pa boyila, inafika pa ndalama zotumiza kumudzi, pa ntchito ya usiku, mpaka pa mawu omwe wina ananena chaka chatha. Zakukhosi zonse zinatuluka. Kutacha, aliyense anali duu.

Anatipulumutsa ndi mayi wina wa ku Chipata, woyandikana nawo nyumba. Anangoyang'ana kawotchi ka pa boyila n'kuseka. "Achimwene, mpweya mwatulutsa, nanga madzi mwabwezera?"

Nkhani yake ndi iyi. Madzi a m'mapaipi amenewa ndi otsekeredwa, amangozungulira omwewo. Mukatulutsa mpweya ndi timadzi pang'ono, presha imatsika. Boyila ikakhala yozizira, muvi wa kawotchi kaja uyenera kukhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar. Ukatsika kwambiri, makina amazima okha kuti asawonongeke.

Kubwezera kwake sikovuta. Zimitsani boyila, idikireni izizire. Pansi pake pamakhala kapaipi kofewa konyezimira, kokhala ndi timipopi tiwiri kapena kamodzi. Tsegulani pang'onopang'ono, mudzamva madzi akulowa. Maso akhale pa muvi. Ukayandikira 1.5 tsekani timipopi tonse mwamphamvu, kenaka yatsani. Mukapyoza, tulutsani timadzi pa rediyeta imodzi, chifukwa presha ikafika 3 bar makina amalavulira madzi panja. Ngati muvi ukumatsikabe patangopita masiku ochepa, ndiye kuti penapake pakudontha. Pamenepo itanani mmisiri wovomerezeka ndi a Gas Safe. Chivundikiro cha boyila musatsegule nokha, gasi saseweretsa. Boyila zimasiyananso, choncho werengani kabuku kake kapena funsani eni nyumba. Paja safunsa anadya phula.

Ntchito yonseyo sinathe mphindi zisanu. Nyumba inafunda, koma anthu anga awiri aja anali asakuyankhulanabe.

Madzulo ndinawakhazika pansi. Kwathu mpongozi salankhula mwachisawawa ndi mkamwini, koma kunja kuja ankhoswe kunalibe. Ndinati, "Apongozi, ndi iwe mwana wanga, zomwe munatulutsa usiku zinayenera kutuluka. Mawu osungidwa mumtima amaziziritsa banja. Koma mwasiyira panjira. Mwabwezeramo chiyani?"

Mwana wanga anayamba ndiye kupepesa. Bambo nawo anavomera kuti ndalama za kumudzi azikambirana kaye asanatumize. Usiku umenewo ndinawamva akuseka kukhitchini.

Inu achinyamata mwaphunzira kulankhula zakukhosi, zomwe ife a kale tinkaopa. Ndi bwino. Koma mukatha kukangana musangotembenukirana misana n'kumati zatha. Bwezerani "pepani", bwezerani "zikomo", muuzeni mnzanuyo chabwino chimodzi chomwe amachita. Ndipo bwezerani pang'onopang'ono, osati mawa lake kungogula chitenje kuti nkhani ife.

Nanu makolo, ana akayambana musathamangire kufunsa wolakwa. Yambani mwaona ngati mdzukulu wafunda.

Tikumanenso Lamulungu likudzali.