Majekete anali anayi, ife tinali khumi ndi mmodzi

Ndinawawerenga majekete oyandamitsa munthu pamadzi aja tisanakwere boti. Anali anayi, atapanikizidwa pansi pa mpando wa kutsogolo kwa boti, imodzi zipi yake itaduka. Ife tinali anthu khumi ndi mmodzi. Ndinaona, ndinadziwa, ndinakhala chete. Amati tsoka silinunkha, koma lathu linanunkha, ineyo ndinangotseka mphuno chifukwa linali tsiku langa ndipo sindinkafuna kuti wina alisokoneze.

Ndinkakwanitsa zaka 40 mwezi wa Julaye. Ndinabadwira ku Lilongwe, ndakulira komweko, ndipo nyanja ndinkangoidziwira pa mchenga wa ku Senga Bay, madzi olekeza m'maondo. Kusambira sindidziwa mpaka lero. Komabe ndinali nditalakalaka kwa zaka zambiri kukadulira keke pachilumba. Tinasonkha ndalama ndi anzanga anayi a kubanki mkhonde, mng'ono wanga ndi alamu anga analowa nawo, amuna anga anabwereka galimoto, mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi anasangalala mpaka osagona. Tinadzera ku Dedza, kutsetsereka msewu wokhotakhota wa ku Golomoti, madzulo tinali titafika m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear.

M'mawa nyanja inali zii, ngati madzi a m'beseni. Apa ndi pamene ambirife timapusitsikira. Gombe la Chembe limatchingidwa ndi mapiri kumbuyo kwake, choncho mwera, womwe umachokera kumwera miyezi yozizira, umadutsa pamwamba, pamchenga pamangomveka kamphepo kayeziyezi. Ukali wake wonse umakakumana nawo ukatuluka pa mthunzi wa mapiriwo. Izi ndinazimva pambuyo pake. A nthambi yoona zanyengo amachenjeza za mwera pawailesi kawirikawiri nyengo imeneyi, koma ine machenjezo otero ndinkawatenga ngati a asodzi okha.

Tikukambirana mtengo ndi mwini boti, mkulu wina amene ankasoka ukonde pafupi anadzutsa mutu. "Amayi, lekezerani pa Thumbi pompa. Uko kutsogolo lero sikuli bwino." Mwini boti anaseka, nati madalawa amaopa chilichonse. Inenso ndinaseka nawo.

Pa Thumbi zonse zinayenda bwino, ndipo sindingabise, panali pokongola. Chilumbachi chili pafupi ndi gombe, mkati mwa paki ya Lake Malawi yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 makamaka chifukwa cha tinsomba ta mbuna tokhala m'miyala. Mwana wanga anaviika manja m'madzi, tinsomba ta buluu ndi tachikasu tikumuzungulira zala. Mnyamata wothandiza m'boti analiza likhweru, naponya nsomba, nkhwazi inatsika pamtengo n'kuiwakha pamadzi tonse tikukuwa. Tinadya nsima ya kampango wootcha, anandiimbira, ndinadula keke. Tikanabwerera pamenepo bwenzi ndikungokuonetsani zithunzi.

Ndine ndinanena kuti tipitirire ku Mumbo. Ndinali nditaona chilumbachi pa Facebook, ndipo ndinati sindingafike kuno osachiponda. Chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera kugombe. Amuna anga anandikokera pambali. "Mayi, tamva zomwe ananena akulu aja." Ndinawayankha kuti munthu amakwanitsa zaka 40 kamodzi kokha. Mwini boti anapempha ndalama yowonjezera ya mafuta, ndinapereka.

Titangopitirira nsonga ya Thumbi madzi anasintha mtundu, anada. Mafunde ankatibwerera cham'mbuyo, boti n'kumakwera, n'kumagwa ndi chiphokoso pansi. Poyamba anzanga ankakuwa mosangalala. Kenako nyimbo zinatha zokha. Tili pakati, injini inatsokomola kawiri n'kuzima.

Boti lopanda injini silingalunjike pamafunde. Limatembenuka n'kugona chopingasa, ndiye funde lililonse limalimenya m'nthiti n'kuthira madzi mkati. Mwini boti ankakoka chingwe cha injini mpaka dzanja linatuluka magazi. Nkhafi inalimo imodzi. Chokapira madzi chinali chigubu chodula chimodzi. Alamu anga ankakapa ndi bokosi la zakumwa, ine ndi beseni lomwe munali keke. Mafoni ena anali atanyowa, ndipo woyamba kuimba bwino anaimbira mbale wake wa ku Lilongwe, yemwe sakanatha kuchita kanthu. Palibe mmodzi wa ife alendo amene anali ndi nambala ya munthu wa kugombe.

Tsopano majekete aja. Palibe chimene chimandiwawa ngati mphindi imeneyo. Akuluakulu, anthu opemphera limodzi, tinayang'anizana. Amuna anga anatenga imodzi n'kuveka mwana, koma inali ya munthu wamkulu, inkamuvuka m'mapewa, mpaka ndinamasula chitenje changa n'kumumanga nacho pamimba. Ina anapatsa mng'ono wanga yemwe anali woyembekezera. Ziwiri zotsalazo anzanga awiri anazigwira nthawi imodzi ndi wachitatu, ndipo mawu amene analankhulana pamenepo sanathe kukhululukirana mpaka pano.

Funde lina lalikulu linadzaza boti. Silinagubuduke, linangomira mpaka m'milomo, matabwa ake n'kumayandama pang'ono pansi pamadzi. Tinagwira m'mbali, matupi ali m'nyanja. Madzi a Julaye amazizira, ndipo mphepo ikamakuomba uli wonyowa zala zimafa dzanzi. Mwana wanga anandifunsa, "Amama, tifa?" Ndinamuuza kuti agwire khosi la bambo ake asasiye. Ndinamwa madzi ambiri. Ndinakumbukira agogo anga akusimba za Vipya, sitima imene inamira kumpoto mu 1946 n'kupha anthu oposa 140, nkhani yomwe ndili mwana ndinkaimva ngati nthano. Mwera unkatikankhira kumpoto, kutali ndi mtunda, kunyanja yaikulu. Mmodzi wa anzanga anataya mphamvu n'kusiya thabwa, ndipo mnyamata wothandiza uja, mwana wosafika n'zaka 20 zomwe, anamusambirira n'kumubweza atamugwira tsitsi.

Nthawi imene tinakhala m'madzi sindinaiwerenge. Dzuwa linali litapendeka pamene tinamva injini. Anali asodzi a usipa, boti lawo lamatabwa likukoka mabwato a nyali. Anali atanyamuka kuti akagwire ntchito usiku, koma ataona mmene mwera wakulira anabwerera, ndipo pobwererapo mmodzi anaona bokosi lathu lofiira la zakumwa likuyandama. Anatifika mosamala kuti asatigunde, anayamba kukweza mwana, kenako woyembekezera, kenako ife. Anandikoka ngati thumba la chimanga, ndinagwera pa ukonde wonunkha usipa, ndinasanza, ndinalira. Mmodzi anavula juzi yake n'kufunditsa mwana wanga. "Musalire amayi, mwafika kale kumtunda," anatero, ngakhale magetsi a ku Chembe ankaoneka patali.

Tonse khumi ndi mmodzi tinapulumuka. Mnzanga uja ndi mng'ono wanga anagona kuchipatala ku Monkey Bay, ndipo mwana amene anali m'mimba anabadwa bwinobwino patatha miyezi itatu. Asodzi aja anakana ndalama, anangolandira ya mafuta titawaumiriza. M'mawa mwake ndinakafuna mkulu wosoka ukonde uja, ndinagwada pamchenga n'kupepesa. Anangoti, "Dzukani mwana wanga, bola moyo."

Mwini boti anali ndi mlandu wake, wotenga anthu opanda majekete okwanira ndi injini yodwala. Koma amene anawerenga majekete n'kukhala chete, amene anaseka chenjezo la mkulu, amene anaonjezera ndalama kuti tipitirire, ndine. Mwana wanga anatha chaka akudzidzimuka usiku, ndipo kusamba m'bafa lodzaza madzi amakana.

Sindikukuuzani kuti musapite kunyanja. Pitani, zilumba zija n'zathu ndipo n'zokongola. Koma musanaponde m'boti werengani majekete, aliyense avale yake akadali pamchenga, ya mwana ikhale ya msinkhu wake. Tengani nambala ya munthu wotsala kugombe, foni muikulunge m'pulasitiki. Funsani msodzi za mphepo ya tsikulo, osati amene akufuna ndalama yanu. Msodziyo akati lero ayi, chonde dulirani keke yanu pamchenga.