Banja la Thumba Limodzi

Nyengo yokolola ikangotha, makadi a ukwati amayamba kundipeza. Chaka chino ndalandira asanu, onse ochokera kwa ana amene ndinawaphunzitsa ku Fomu 3 ndi Fomu 4, ena mwa iwo ndinkawabweza kuti akatenge fizi atandituma ahedi. Zimandisangalatsa kuti mumandikumbukira. Koma pamodzi ndi makadiwo pamabwera funso limodzi, ndipo limabwera monong'ona: aphunzitsi, inu ndi amayi mwakhala bwanji zaka zonsezi pa malipiro a uphunzitsi popanda kumveka phokoso? Pa tsiku la ukwati sipakhala mpata woyankha, aliyense amakhala pa mzere wa perekaniperekani. Ndiye ndati ndiyankhe pano, mofatsa.

Ine ndi mayi a kunyumba tinadalitsa ukwati wathu mu 2006. Tili ndi ana atatu, kuonjezapo mwana wa malemu mlongo wanga amene tikumulera, kotero pa mphasa timakhala anthu asanu ndi mmodzi. Ine ndimagwira choko, iwo amasoka mayunifolomu ndi madiresi pa khonde. Phokoso limakhalapo ngati m'nyumba ina iliyonse. Koma pali chinthu chimodzi chimene tinagwirizana tisanalowe m'tchalitchi, ndipo ndikhulupirira kuti Mulungu wachigwiritsa ntchito kusunga nyumba yathu. Chinthucho n'chakuti m'nyumba muno muli thumba limodzi, ndipo tonse awiri timadziwa zimene zili m'thumbamo.

Zimayenda motere. Malipiro akalowa, madzulo ake ana akagona, ndimaika payslip yanga patebulo, yosapinda, yosabisa mzere uliwonse. Amayi nawo amabweretsa kabuku kawo kolembamo amene alipira ndi amene atenga chovala pa ngongole. Timapemphera mwachidule, kuthokoza pa zimene zabwera ndi kupempha nzeru pa zimene zaperewera. Kenaka timatsegula kope lachikuto cholimba n'kuyamba kulemba. Mzere woyamba ndi wa ku tchalitchi. Wachiwiri ndi wa chimanga ndi chigayo, wachitatu wa fizi, wachinayi wa makolo a mbali zonse ziwiri. Pamenepo m'pamene timafika pa makala, sopo, mchere, mafuta ophikira ndi ndiwo. Mzere womaliza tinaupatsa dzina lakuti "zikadzatheka". Mipando ya pabalaza inakhala pa mzere umenewu zaka zinayi, alendo akukhala pa mipando ya nsungwi, ndipo palibe mlendo amene anabwerera pakhomo chifukwa cha zimenezo.

Ena amandifunsa kuti pemphero likulowa bwanji pa nkhani ya bajeti. Yankho langa ndi lakuti n'kovuta kwambiri kumunamiza munthu amene mwangomaliza kunena naye "Amen". Buku la Genesis mutu 2 limatiuza kuti mwamuna ndi mkazi amasanduka amodzi. Ambiri timavomera mawu amenewa pa tsiku la ukwati, timawavomeranso kuchipinda, koma ikafika nkhani ya ndalama aliyense amabwerera pa umbeta wake. Bambo ali ndi thumba lachinsinsi, mayi ali ndi mfundo yachinsinsi pa chitenje, kenaka awiriwa agwada pamodzi kupempha madalitso pa chuma chimene akubisirana. M'buku la Machitidwe muli mabanja awiri amene ndimakonda kuwaika pa sikelo. Pa mutu 5 pali Hananiya ndi Safira, amene anagwirizana kunama pa mtengo wa munda umene anagulitsa, ndipo mathero awo mukuwadziwa. Pa mutu 18 pali Akula ndi Priskila, amene ankasoka mahema limodzi, nalandira Paulo m'nyumba mwawo, ndipo pambuyo pake mpingo unkasonkhana kwawo. Mabanja onse awiri anali ogwirizana pa ndalama. Kusiyana kwake n'kwakuti ena anagwirizana pa bodza, ena pa ntchito ya manja awo. Choncho sikuti kungogwirizana n'kokwanira ayi, kugwirizanako kukhale kwa poyera, pamaso pa Mulungu.

Tsono aphunzitsi anzanga, tiyeni tikambe zimene timangonong'onezana mu staff room. Mdani wamkulu wa banja la mphunzitsi ndi ngongole yobisa. Inu amene ndinakuphunzitsani chiwongoladzanja chochulukitsa pa chinzake, tengani cholembera. Tiyerekeze kuti mwatenga K100,000 kwa wakatapila amene amafuna theka pamwamba mwezi ukatha. Mwezi woyamba ngongole yafika K150,000. Mukalephera, mwezi wachiwiri ndi K225,000, wachitatu K337,500. Miyezi itatu yokha, teremu imodzi, ndalama ija yaposa katatu. Ku kalasi funso limeneli ndi la mamalikisi anayi, koma kunyumba limadya banja lathunthu.

Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsako kale panali mnzathu, mphunzitsi waluso amene ana ankakhoza bwino phunziro lake chaka ndi chaka. Khadi yake ya ku banki inkagona kwa wakatapila. Tsiku la malipiro wakatapilayo ankatapa gawo lake n'kumupatsa zotsala, ndipo zotsalazo sizinkafika pa 10 mwezi. Kunyumba ankangoti malipiro achedwa, mwezi wina n'kuti adula zambiri. Akazi ake anadziwa zoona tsiku limene anthu anabwera kudzanyamula njinga ndi matiresi ana akuona. Nkhani itafika kwa ankhoswe, mayiwo anafotokoza kuti ngongoleyo akanatha kuisenza, akanagulitsa mbuzi zawo, akanayamba mandasi. Chimene chinawapweteka n'chakuti kwa zaka ziwiri ankagona akulira, akuganiza kuti amuna awo ali ndi mkazi wina amene akudya malipirowo. Panalibe mkazi wina. Koma ndalama yobisa imaoneka ngati chibwenzi, ndipo mtima ukazolowera kukayika suchira ndi umboni wa pa pepala. Mayiwo anabwerera kwawo ndi ana. Masiku ano kwabweranso kubetcha mpira pa foni, komwe munthu amataya ndalama ali chogona pabedi, mkazi wake ali pambali pake osadziwa kanthu.

Sindikunena kuti ngongole iliyonse ndi tchimo. Makina osokera amene akulipira fizi ya mwana wathu wachiwiri tinagula ndi ngongole ya ku banki m'khonde ya amayi. Koma tinaikambirana, tinaiwerengera, tinailemba mu kope, ndipo inali yogulira chinthu chobala ndalama. Lamulo lathu ndi lakuti palibe amene amasaina ngongole mnzake asanaone pepala.

Anzanga, kwacha yathu mukuidziwa. Mu May 2012 dola imodzi inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Nthawi zonse zitatu mitengo ya shuga, sopo ndi feteleza inathamanga, malipiro akubwera m'mbuyo chokwawa. Chimene chinatisunga ife sichinali nzeru yachilendo. Kuseri kwa nyumba ya sukulu tili ndi kadimba ka mpiru, tchainizi, bonongwe ndi tomato, kothirira ndi madzi otsukira mbale. Tili ndi nkhuku zachikuda zingapo. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 kwathu limatha sabata zitatu, ndiye kuti pa chaka timafuna matumba 18. Timayesetsa kuti mwezi wa June ukamatha, chimanga chisanakwere mtengo, matumbawo akhale atakwana, ena a kumunda kwathu, ena ogula, onse othira mankhwala. January ndi February akafika, anthu akulimbirana chimanga pa msika, m'nyumba mwathu mumakhala bata, ngakhale ndiwo zikhale nkhwani wotendera ndi bonya sabata yathunthu. Zovala zambiri ndi za pa kaunjika, amayi amangozikonza pa makina.

Buku la Miyambo mutu 15 limaika mbale ya ndiwo zamasamba yodyera m'chikondi pamwamba pa nyama yonona yodyera m'chidani. Pa mutu 30 pali munthu wina dzina lake Aguri amene anapempha Mulungu kuti asamupatse umphawi komanso asamupatse chuma chochuluka, poopa kuti akakhuta angamuiwale, akasauka angabe. Pemphero limeneli ndimaliona ngati la mphunzitsi. Musandimve molakwa, sindikutamanda umphawi. Ndinaona njala ya 2002 ndi maso angawa, ndipo mulibe chiyero chilichonse m'kulira kwa mwana wanjala. Mphunzitsi ayenera kulipidwa moyenera, ndipo tisaleke kunena zimenezi. Chimene ndikunena n'chakuti banja lililonse liyenera kukhala pansi n'kugwirizana kuti kwa ife chokwanira ndi ichi. Mukapanda kudziikira malire amenewa, adzakuikirani ndi aneba amene agula sikirini yaikulu, ndipo simudziwa ngati aneba anuwo akugona tulo. Paja akulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali mzere wina mu kope lathu umene umagwetsa mabanja ambiri, mzere wa abale. Kumudzi mphunzitsi wa ku sekondale ndi bwana. Maliro akagwa foni yoyamba ndi yanu, feteleza akasowa ndinu, mwana wa achimwene akasankhidwa kupita ku sekondale ndinu. Kuthandiza ndi udindo wathu, ndipo Paulo analembera Timoteo mawu olimba okhudza munthu wosasamala a pabanja pake. Vuto limayamba pamene aliyense akuthandiza a kwawo mobisa. Ife tinapeza njira iyi: ndalama yopita kwa mayi anga amakapereka ndi akazi anga, ndipo yopita kwa apongozi anga ndimakapereka ndine. Zotsatira zake n'zakuti mayi anga sanenapo kuti mkazi uja akumudyera mwana wanga, chifukwa dzanja limene limawapatsa sopo ndi la mpongozi wawo yemweyo. Ndipo pamene tikukana, timakana tonse awiri, ndi mawu amodzi, mwaulemu. Wachibale akadziwa kuti palibe khomo lakuseri, amasiya kugogoda usiku.

Tsopano kwa inu ana anga amene mwanditumizira makadi. Masiku ano ukwati umodzi wasanduka miyambo inayi kapena isanu: chinkhoswe, bridal shower, send-off, ukwati weniweniwo, chilichonse ndi holo yake, zovala zake ndi wojambula wake. Ena mumawerengera kuti perekaniperekani adzabweza zonse. Nthawi zina amabwezadi, nthawi zina mvula imagwa, anthu osabwera, ndipo mumayamba banja ndi ngongole m'malo mwa mphasa ndi mapoto. Dziwani kuti lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa pachikhalidwe ndi wa ku tchalitchi kwa anthu amene akwanitsa zaka 18, ndipo silifunsa kuti keke inali ndi nsanjika zingati. Abusa kapena ansembe sadalitsa holo. Ife pa ukwati wathu anthu anadya mpunga, nyemba ndi mbuzi ziwiri pansi pa mitengo ya pa tchalitchi, amayi a chigwirizano ndiwo anaphika. Pa ukwati wa ku Kana, m'buku la Yohane mutu 2, vinyo anatha phwando lili m'kati, koma eni ake anapulumuka ku manyazi chifukwa pa anthu oitanidwa panali Yesu. Yambani mwaona ngati Iye ali pa mndandanda wanu musanawerenge makireti. Ndipo musanasankhe mtundu wa nsalu, khalani pansi awiri muuzane zoona: ndimalandira mwakuti, ndili ndi ngongole yakuti, ndimalipirira fizi ana akuti. Munthu amene akukana kukuuzani zimenezi muli pa chitomero sadzayamba kukuuzani chifukwa mwavala mphete.

Ndionjezepo mawu amodzi kwa ana anga aakazi, chifukwa pa chilangizo mudzamva kambirimbiri kuti banja ndi kupirira. Ndi zoona, koma kupirira kwake ndi kwa kudya bonya limodzi, kudikira mipando zaka zinayi, kudwazikana. Si kupirira zibakera, kapena kumanidwa chakudya mwamuna ali ndi ndalama m'thumba. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, ndipo ankhoswe, akulu a mpingo ndi apolisi alipo kuti muwauze. Mulungu amene analenga banja sakondwera ndi misozi yotere.

Chomaliza ndi ana. Kwathu chakudya chamadzulo timadyera pamodzi, mafoni ali m'lichero pamwamba pa kabati, kenaka mwana mmodzi amawerenga ndime ya m'Baibulo, wina n'kupemphera. Sizitenga mphindi 15. Chisamba chathu chitafika Fomu 2 tinayamba kuchiitana pa tebulo la bajeti kuti chidziwombetsa manambala. Tsiku loyamba mwanayo anayang'ana payslip, anayang'ana mndandanda, kenaka anafufuta yekha nsapato zimene ankalirira n'kuzilemba pa mzere wa "zikadzatheka". Zinatheka patapita miyezi itatu, ndipo anazisamala kuposa nsapato ina iliyonse. Ife aphunzitsi timatha mphamvu pa ana a eni, timafika kunyumba mawu atasasa, ndipo n'kosavuta kuti ana athu alandire zotsala. Phunziro limeneli la patebulo ndi limene sindifuna kuti akaphunzire kwa wakatapila.

Mwezi uno malipiro akalowa, yesani kamodzi kokha. Ikani pepala patebulo, itanani mnzanu, pempherani, lembani. Ngati pali ngongole imene mwakhala mukuibisa, madzulo amenewo adzakhala olemera, mwina pakhala misozi. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu amene munalumbira naye pa guwa ali ndi ufulu wodziwa kulemera kwa denga limene akugona pansi pake.

Kwa inu asanu amene mwandiitana, ndibwera ndithu pamodzi ndi amayi, ndipo musadabwe mukapeza kope lachikuto cholimba m'kati mwa mphatso yathu. Ambuye adalitse mabanja athu ndi ntchito ya manja athu.