Chikondi cha m'nthano ndi cha pa Lizulu

Nthano zachikondi zimene timawerenga m'nyuzipepala, ngakhalenso mafilimu a ku Nigeria, zili ndi njira imodzi yokonzera banja logwedera. Bambo amene wakhala akubwera pakati pa usiku kwa zaka zitatu amangotulukira ndi maluwa, n'kumutenga mkazi wake ulendo wa kunyanja ku Salima. Kumeneko misozi chuchuchu, basi banja labwerera mwakale. Ine nthano zoterezi ndimazikonda ndithu, ndipo sindingauze munthu kuti aleke kuwerenga. Koma ndakhalapo nkhoswe ya mabanja angapo kwathu kuno ku Lizulu, ndipo sindidaonepo banja lopulumuka ndi maluwa.

Inu amene mumadutsa pamsewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza mumapadziwa pa Lizulu: matumba a mbatatesi, milu ya kabichi, tomato, anyezi ndi kaloti, tsidya lina la msewu kuli Mozambique. Mumaima, kugula, n'kumapita. Chimene simuona ndi nthawi imene ogulitsawo adzukira. Mayi amadzuka tambala woyamba asanalire, m'mwezi wa Juni kukuzizira kolowa m'mafupa. Bambo ali kudimba kuthirira, kapena ali pamsewu kusaka galimoto yotengera katundu ku Lilongwe kaya ku Blantyre. Pokumana madzulo aliyense ali lefu. Nkhani zawo ndi za feteleza, fizi ya ana ndi ngongole ya banki m'khonde. Apa chikondi sichidathe ayi, changofota ngati ndiwo zotsala pamsika.

Banja lina limene ndidakhalira nalo pansi lidafika poti anthu akugona chofulatirana kwa chaka chathunthu. Mayi adati, "Bambo akunyumbawa sandiyang'ananso." Bambo nawo adati, "Mayiwa akalowa kuchipinda amangoti gwa, ngati chipika." Titafunsitsa tidapeza kuti gwero la nkhani silidali kuchipinda konse. Mayi ankabisa ndalama za tomato pampango chifukwa bambo ankati akazigwira, amaolokera tsidya lija kukamwa mowa. Bambo nawo ankamva kuwawa kuti m'nyumba mwawo momwe akubisiridwa ndalama ngati mwana wakuba. Anthu osungirana chakukhosi chotere angafundane bwanji bulangete limodzi?

Zimene tidagwirizana sizingakome m'nthano. Adayamba kuwerengera limodzi ndalama pamphasa madzulo a tsiku lililonse la msika, ya feteleza payokha, ya ndiwo payokha, bambo n'kupatsidwa yawo yam'thumba poyera. Mwana wawo wa zaka 6, amene ankagonabe pakati pa makolo ake, adasamukira kwa akulu ake. Mayi adayambiranso kuika madzi osamba otentha kubafa, bambo n'kuyambiranso kudya nawo mbale imodzi. Sizidatheke sabata imodzi. Padapita miyezi, ndipo pakati pake bambo adaterereka kawiri. Koma tsiku lina ndidawaona akuchokera kudimba, bambo atasenza dengu la mayi, akuseka okha ngati anthu a pachibwenzi.

Pali chimodzi chimene olemba nthano amalondola, ndipo ndiwayamikire. M'nthano zawo mwamuna amatsegula pakamwa n'kunena kuti "pepani". Ife amuna a kuno, tikangokumbukira kuti ndife Angoni a kwa Gomani, mawu amenewa amatikakamira pakhosi. Timaganiza kuti kugula chitenje n'kupepesa. Chitenje mayi avala ndithu, koma mumtima nkhani ija ikadalipo.

Makolo nanunso muli ndi gawo lanu. M'mabanja ambiri kuno mwamuna ali pachikamwini, nyumba ya apongozi ili pafupi zedi moti akatsokomola mumamva. Mayi amene mumalowa m'nyumba ya mwana wanu osaodira, kapena kumuitana usiku kuti adzakuthandizeni kusankha nyemba, dziwani kuti mukuthira madzi pamoto umene ukuzilala kale.

Ndinene za amuna a ku Joni. Disembala akafika amabwera ndi mabulangete, mawailesi ndi mafoni, atakhala zaka ziwiri osaonana ndi akazi awo. Nthano zimathera pamene awiriwo akumbatirana pakhomo. Ine ndimati musanafike patali, pitani limodzi kuchipatala mukayezetse magazi. Si kukayikirana, ndipo amene wakhala wokhulupirika alibe choopa. Za kondaine ndiye musayerekeze n'komwe. Mwamuna amene akuthawa pakhomo chifukwa cha mkangano wa ndalama sangabwezedwe ndi mizu yothira m'ndiwo.

Koma pali mabanja ena amene vuto lawo si kuzizira. Ngati mwamuna akumenya, nkhani imeneyo si ya mphasa ndi madzi otentha, ndipo mawu aja akuti banja n'kupirira asakutsekereni m'nyumba. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja kuyambira 2006, ndipo kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit yomva madandaulo otere. Nkhoswe imene ikubweza mwana wotupa maso kwa mwamuna wake, ati poopa manyazi pamudzi, ikhale yokonzeka kudzayankha kwa eni mbumba zikadzafika poipa.