Manja a Achemwali Anga

Ndapempha Mkonzi kuti andipatse danga m'magazini yathu ino kuti ndibweze mawu amene ndinanena tili mu Fomu 1. Ena mwa inu mukumbukira tsiku lija aphunzitsi anatiuza kuti yense aimirire ndi kutchula amene amlipirira sukulu, pamodzi ndi ntchito yake. Ine ndinaimirira ndi kunena kuti achemwali anga ndi kalaliki pa hotela ina ku nyanja. Limenelo linali bodza. Achemwali anga sagwira cholembera ayi. Ntchito yawo ndi yotikita matupi a alendo, imene eni ake aitcha masaji.

Kwathu ndi kufupi ndi Lizulu, m'boma lathu lino la Ntcheu, kumene msewu waukulu wa M1 uyenda m'malire a Malawi ndi Mozambique, kotero kuti munthu angathe kugula kabichi m'dziko lina ndi kukamphikira m'dziko lina miyendo isanatope. Ndi dziko lozizira, la mapiri, ndipo ife tikhalira mbatata ya kachewere. Nyanja sitiidziwa. Tsono pamene inamveka mbiri yakuti achemwali apeza ntchito ku Cape Maclear, ndi kuti ntchitoyo ndi yodzoza azungu mafuta, m'mudzi munadzaza manong'onong'o. Amalume anafika madzulo ena, nakhala pakhonde, nati kwa amayi, "Mlongo wanga, mwana wamkazi kutsekeredwa m'chipinda ndi mwamuna wachilendo wovula, inu mukuti imeneyo ndi ntchito?" Amayi sanayankhe kanthu. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndipo mawuwo anandilasa ngati minga. Kuyambira pamenepo ndalama za fizi ndinali kulandira ndi manja awiri, koma dzina la ntchito imene inazibala ndinali kulibisa.

Pa tchuthi chachikulu cha 2023 achemwali anatumiza ndalama ya ulendo kuti ndikawaone. Ndinakwera galimoto pa Lizulu, ndipo pa Masasa tinapatuka ndi kutsika phiri la Khwekhwelere, msewu wokhotakhota wochititsa chizungulire. Pofika pa Golomoti ndinavula juzi, pakuti mphepo ya kwathu inali itatsala pamwamba. Tinadutsa chigwa cha malambe ambiri, ndipo titayandikira Monkey Bay ndinakwera njinga yamoto imene inanditengera pakati pa mapiri a miyala kufikira m'mudzi wa Chembe. Ha! Pamenepo ndinaona nyanja koyamba, madzi oyera mbee ngati a m'botolo, ndi zilumba za Thumbi ndi Domwe zili tsonga patsogolo panga.

Malo amenewa tiwaphunzira m'kalasi. Ndi pamenepa pamene amishoni a ku Scotland, pamodzi ndi Dr Robert Laws, anamanga Livingstonia yoyamba mu 1875, atabwera ndi sitima ya Ilala. Malungo anawagwetsa, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe, nasiya manda a anzawo amene alipobe mpaka lero. Mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinali kutula alendo pomwepa, pa ulendo wa pakati pa England ndi Johannesburg. Mu 1980 Boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park chifukwa cha tinsomba tokongola ta mbuna, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Chinandidabwitsa ndi ichi: pamalo pamene anthu anathawa chifukwa cha matenda, ndi pomwepo pamene ena adza lero kudzafuna thanzi.

Nyumba ya alendo imene achemwali agwirako ntchito ndi yaing'ono, ya timanyumba tofolera ndi udzu. Palibe wailesi yosokosa. Chimene munthu amva ndi mafunde, ndi kulira kwa nkhwazi, ndi mphepo ya mwera ikamawomba. M'mawa alendo ena ayala timikeka pamchenga ndi kudzipinda mosiyanasiyana, masewera otchedwa yoga ochokera ku India. Ena apalasa timabwato. Ena avala magalasi ndi kumira kukaona mbuna. Koma chapatali pang'ono, pansi pa mtengo, pali kanyumba ka bango kotseguka mbali ya kunyanja. M'menemo muli bedi lalitali, lopapatiza, lokhala ndi chiboo choikapo nkhope, ndi mulu wa matawulo, ndi timabotolo ta mafuta a kokonati ndi a malambe. Ndicho chipinda chimene amalume anali kuchiopa.

Tsiku lachitatu kunabwera mayi wina wachikulire wochokera ku Lilongwe, Mmalawi mnzathu, amene anati msana wake wauma ndi mpando wa mu ofesi. Achemwali anamupempha kuti ine ndikhale pakona ndi kuonerera, ndipo iye analola. Asanamkhudze n'komwe anayamba ndi mafunso. "Amayi, kodi thupi likutentha? Muli ndi bala pena pake? Mwendo sunatupe?" Pambuyo pake anandiuza kuti munthu wotentha thupi ayenera kupita kuchipatala kukayezetsa malungo, ndi kuti mwendo wotupa ndi wopweteka sautikita, pakuti mwina muli magazi oundana amene angathe kusuntha ndi kukatseka m'mapapo. Atatha mafunso anamfunditsa mayiyo tawulo lalikulu, navundukula msana wokha. Malo amene sakugwirapo akhala ofunda nthawi yonse. Limeneli ndi lamulo.

Anathira mafuta m'manja, nawafunditsa popekesa zikhatho, nayamba kusisita pang'onopang'ono kuchokera m'chiuno kukwera ku mapewa. Mnofu utafewa anayamba kuukanya monga tichita ndi ufa wa mandasi. Ndipo atafika pa phewa lamanja anaima, napeza mfundo yolimba, naikapo chala chachikulu, nazungulitsa katatu, nadikira. Owerenga, pamenepo mtima wanga unagunda, pakuti chala chimenecho ndinachidziwa. Chinali chala cha agogo anga.

Agogo athu aakazi ndiwo athowa anthu a m'mudzi mwathu chiyambire ine ndisanabadwe. Akazinga nsatsi m'phale, nazisinja, naziwiritsa m'madzi, nayengula mafuta oyandama pamwamba. Mayi akachira, agogo apita ndi madzi otentha ndi kansalu kukamthowa. Khanda likabadwa, ndiwo aliwongola timiyendo. Abambo akabwera kuchokera ku Ngoma ataponda pansi usiku wonse, mawa lake ali pamphasa ya agogo, kubuula. Ine ndemwe nditabinya bondo ku mpira wa manja, chala chomwecho chinazungulira katatu pa bondo langa, chinadikira, ine ndikulira. Malipiro awo ndi nkhuku, kapena kambale ka nyemba, kapena zikomo chabe. Ndipo sindinamvepo munthu ndi mmodzi yemwe akunena kuti agogo achita chonyansa. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Koma ine ndinali nditachita manyazi ndi mwendo umene sunali wochepa n'komwe.

Ola litatha mayi uja anali m'tulo, akuliza mkonono pang'ono. Achemwali ananditsinzinira diso kuti ndisaseke.

Madzulo tikudya nsima ya usipa ndinalimba mtima ndi kuwauza mawu a amalume, ndiponso za bodza langa. Ndinayesa kuti akwiya. Iwo anakhala chete, nati, "Mng'ono wanga, amalume sananame zonse. Alipo alendo obwera ndi mtima wina. Wina anandiyankhula zopusa chaka chatha. Ndinapukuta manja, ndinatuluka, ndinakanena ku ofesi, ndipo munthuyo anapakira katundu wake tsiku lomwelo. Koma si pena paliponse pamene mtsikana amvedwa chotero, ndipo ena aopa kunena chifukwa cha ntchito. Maphunziro a ku tauni anandipatsa mayina a minofu ndi pepala lopachika pakhoma. Manjawa ndi a agogo."

Sindifuna kukunamizaninso kachiwiri ponena kuti zonse za kumeneko n'zokoma. Ndalama imene mlendo alipira pa ola limodzi amayi anga aipeza atagulitsa ndowa zingapo za mbatata pa Lizulu, ndipo imene ifika m'manja mwa wotikitayo ndi kagawo chabe. Pagombe lomwelo, mapazi ochepa kuchokera pa kanyumba ka bango, amayi a m'mudzi wa Chembe awerama kuyambira m'bandakucha, kuchapa, kutsuka mbale ndi kuyanika usipa pa matandala. Misana yawo ndiyo ifuna bedi lija koposa, koma sindinaone ndi mmodzi yemwe akugonapo.

Usiku womaliza nyanja inadzaza nyali za asodzi ngati mudzi woyandama. Ndinapeza achemwali ataviika manja m'beseni la madzi ofunda. Tsiku limenelo anali atatikita anthu anayi, ndipo anandipempha kuti ndiwatsekulire botolo, pakuti zala zinali kukana. Kalanga ine! Ndinatenga dzanja lawo lamanja, ndinathira mafuta, ndipo iwo anandilangiza pogwira. Pansi pa chala chachikulu panali polimba ngati mwala. Ndikudina pamenepo anatsinzina, naseka, nati, "Gwira bwino, iwe. Fizi yako ya teremu ino ili m'chala chimenecho." Ine sindinathe kuseka nawo.

Aphunzitsi, ngati mawu aja akuti kalaliki munawalemba m'buku lanu, ndikupemphani muwafufute.

Pobwerera ndinatenga kabotolo ka mafuta a malambe kamene achemwali anatumizira agogo. Agogo anakanunkhiza, nakwinya mphuno, nati mafuta opanda fungo alibe mphamvu, nsatsi ndiye mwini wake. Komabe anayala mphasa padzuwa, nagona chafufumimba, nati, "Tiye tione chimene wakaphunzira ku nyanjako." M'zaka zonsezi sindikumbukira kuti wina anawatikitapo. Msana wawo unali wowonda, ndipo mfundo zinali zambiri kuposa za mayi wa ku Lilongwe uja.

Ndili pakati pa ntchito amalume anatulukira kuchokera kudimba, khasu lili paphewa. Anaima, nayang'ana nthawi yaitali. Mawu awo aja sanawabweze, ndipo mpaka lero sanawabweze. Anatsamiritsa khasu ku nkhokwe, nakhala pa mtondo wogwetsa, nati, "Ukatha pamenepo, mwanawe, undionereko phewa ili."