Mfuti yakale sindiiboola

Ndimakonza mfuti kuno ku England, m'shopu yokhala ndi chilolezo cha apolisi. Zambiri zofika patebulo langa ndi ma Lee-Enfield a .303, mtundu womwe uja asilikali a KAR ochokera ku Nyasaland ananyamula ku Burma mu 1944. Eni ake lero ndi azibambo a imvi okonda kuwombera chandamale ku Bisley, ndipo dandaulo lawo silisintha: chipolopolo chikumenya pamwamba pa malo amene akulozetsa.

Mfutiyo sinalakwe ayi. Pa Lee-Enfield No.4, imene asilikali a Britain anayamba kulandira mu 1941, bowo lalikulu losuzumirapo la kumbuyo analiikira mtunda wa mayadi 300, poganizira msilikali wosowa mpata woyeza. Ukawombera pa mayadi 100, chipolopolo chiyenera kukwera basi.

Mankhwala ake ali kutsogolo, pa kachitsulo koimirira kumapeto kwa mpope. Tizitsulo timeneti anatipanga misinkhu yosiyanasiyana, kena kuposa kanzake ndi inchi 0.015, ndipo nambala yake anaidinda pomwepo. Kuchokera pa bowo la kumbuyo kufika pa kachitsuloka pali mainchi pafupifupi 29, choncho msinkhu umodzi umasuntha chipolopolo mainchi pafupifupi awiri pa mayadi 100. Munthu akandiuza kuti ikukwera mainchi anayi, ndimaika kachitsulo kotalikirapo misinkhu iwiri. Ambiri amandiyang'ana modabwa, poti mutu umakana zoti kutalikitsa n'kumene kumatsitsa. Za kumanzere ndi kumanja n'chimodzimodzi: kachitsulo umakakankhira mbali imene zipolopolo zikuthawira.

Ndisanakhudze kanthu ndimalemba kamzere ka pensulo pamene kanali. Kenako ndimapana mpope mu vaisi yokutira chikopa, n'kugogoda ndi kamtengo ka mkuwa, osati chitsulo, pang'onopang'ono ngati ukuswa mtedza wokazinga. Mfuti zina zili ndi kasikuluu kogwira kachitsuloka, kobisika m'dzimbiri ndi mafuta ouma. Wothamangira hamala asanakamasule amang'amba tsinde lonse, ndipo zotere zimandipeza kawirikawiri, mwini wake atagwira njakata.

Ofuna kupikisana pa mayadi 600 kapena 1,000 amafunika choposa apa. Kwa iwo kuli zoyang'anira za Parker-Hale, kampani ya ku Birmingham: 5C ya No.4, 5A ya SMLE, Lee-Enfield yakale ya mu 1907. Zimakhala ndi tizitsulo topotokola, kena kokweza ndi kutsitsa, kena kolimbana ndi mphepo. Ndimazilemekeza chifukwa zimamangidwa pa mabowo amene mfuti inabadwa nawo. Tsiku lozichotsa, mfuti imabwerera mmene inalili.

Apa m'pamene timasemphana ndi makasitomala ena. Wina amabwera ndi choyang'anira chamakono, akuti, "Booleni mabowo awiri apa, aang'ono chabe." Ndimakana. Bowo silitsekeka. Mfuti imene yadutsa zaka 80 ili yathunthu, ndi zidindo zake zonse, sindingaiwononge kuti munthu awonjezere mapointi awiri Loweruka. Mtengo wake umagwa, komanso m'mipikisano yofuna mfuti monga inaperekedwera kwa msilikali, yosinthidwa saiwerengera. Ngakhale tupa, ndimapalira kachitsulo kongogula; kakeko ndimakakulunga m'kapepala n'kumpatsa mwini wake asunge.

Nthawi zina vuto si mfuti n'komwe, ndi maso. Munthu akapitirira zaka 50, kachitsulo ka kutsogolo kamayamba kuoneka mwachimbuuzi. Kabowo kocheperako kumbuyo kamathandiza diso kuona bwino, koma ukachepetsa kwambiri, tsiku la mitambo, lomwe kuno ndi pafupifupi tsiku lililonse, umangoona mdima. Ndipo kachitsulo kakachita kunyezimira, sindipaka penti. Mwaye wa kandulo umakwana, ndipo umapukutika.

Ngati muli ndi mfuti yotere, musanabwere nayo kawombereni zipolopolo zisanu pa pepala limodzi, za mtundu umodzi, mfuti itatsamira pa thumba la mchenga. Lembani mtunda wake. Pepalalo mubwere nalo, chifukwa popanda ilo sindigwira hamala.