Ulendo wa ku Nsadzo: akonza ndani milatho yathu?

Mwezi wathawu ndinasiya chinkuzamawu cha pa wailesi n'kukwera chapa ku Tete kulowera ku Nsadzo, m'boma la Chifunde. Tinatsata msewu wa N9 wopita ku Cassacatiza, pa malire ndi Zambia, pomwe malole amadutsa usana ndi usiku kupita ku Katete.

Titapatuka pa phula n'kulowa msewu wafumbi, tinaima pa kamtsinje kena. Madzi anakokolola kalavati m'dzinja. Matumba a chimanga anali mbwee tsidya lija, galimoto yosafikako. Agogo ena anandiuza kuti mayi wodwala amamuwolotsa pa machira. Nditafunsa za injiniya, iwo anaseka nati: "Mwanawe, anabwera mnyamata wina, anayeza, analemba. Tikumva kuti anapeza ntchito kumigodi."

Inu awerengi, mnyamatayo tisafulumire kumudzudzula. Kuyambira 2011 pomwe malasha a ku Moatize anayamba kutumizidwa kunja, makampani akhala akufuna anthu odziwa za misewu, njanji ndi milatho. Kumeneko malipiro ndi okwererapo, nyumba ili ndi magetsi, chipatala chili pafupi. Pakati pa zimenezo ndi kumudzi kopanda zipangizo, inuyo mukanasankha kuti?

Komatu ntchito ilipo yambiri m'chigawo chathu. Mlatho wa Samora Machel unamangidwa nthawi ya Apwitikizi ndipo umafuna kusamalidwa. Wa Kassuende unatsegulidwa mu 2014. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pa Revúbuè, pakati pa Tete ndi Moatize. Zonsezi zimalira mainjiniya, ndipo timilatho ta kumidzi ndi tomwe timatsalira m'mbuyo.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene angapirire kuno ndi mwana wobadwira konkuno, amene mayi ake amawoloka mtsinje womwewo. Sukulu za uinjiniya zilipo ku Songo, pafupi ndi damu la Cahora Bassa, ndiponso ku Maputo, pa yunivesite ya Eduardo Mondlane. Khomo lake ndi masamu ndi sayansi ku sekondale.

Choncho makolo a ku Nsadzo, mwana wokonda masamu, wamwamuna kapena wamkazi, musamutulutse sukulu kuti akalime fodya kapena kukwatiwa. A boma nawo aganizire nyumba ndi malipiro abwino kwa wogwira ntchito kutali. Pobwerera tinadutsanso pa kamtsinje paja. Matumba aja anali akadali pompo.